Kuphika Nthiti za Nkhumba kwa Amene Akuchepetsa Nsima ndi Shuga ku Glen Norah

Nyama ya nkhumba payokha ilibe sitachi ngakhale shuga. Mnofu wake ndi madzi, mafuta ndi zomanga thupi basi. N'chifukwa chake anthu amene auzidwa kuchipatala kuti achepetse nsima, mpunga, buledi ndi zotsekemera, kaya chifukwa cha matenda a shuga kapena kunenepa kopyola muyeso, amaiona kuti ndi ndiwo yowayenera. Koma shuga amene munalibe m'nyamamo amatha kulowa pophika, ndipo wina wochuluka amabwera ndi zimene zaikidwa pambali pake. Wophika akalephera pa malo awiriwa, nyama yabwinoyo siimuthandiza kanthu wodwala.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri mabanja a ku Glen Norah, lokeshoni ya kum'mwera chakumadzulo kwa Harare, yoyandikana ndi Highfield ndi Glen View. Pakati pa anthu a kumeneko pali ana ndi zidzukulu za amene anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'mafakitale a ku Southerton, Willowvale ndi Workington. M'nyumba zotere, chimene anansi amati sadza agogo amati nsima, ndipo munthu sanganene kuti wadya ngati nsima sinali pambale. M'mawa ndi tiyi wa shuga ndi buledi kapena mbatata. Masana nsima, madzulonso nsima, ndipo pakati pake pamalowa maputi ndi zakumwa za m'mabotolo. Chakudya chimenechi chinkagwirizana ndi munthu wokumba m'mgodi kapena wolima tsiku lonse. Kwa amene amakhala pa msika kapena pa makina osokera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, mphamvu yochuluka chonchi thupi limasowa koipititsa.

Kadyedwe kochepetsa sitachi ndi shuga, zimene akatswiri amazitcha makabohaidireti, ndi kakale ndithu. M'chaka cha 1863, William Banting, bambo wa ku London amene ntchito yake inali yokonza maliro, anasindikiza kabuku kofotokoza mmene anachepetsera thupi atasiya buledi, shuga, mowa ndi mbatatesi. Mu 1972 dokotala wa ku America, Robert Atkins, anakafalitsanso kadyedweka, ndipo kuno kum'mwera kwa Africa kanatchuka kwambiri kuyambira 2013, pamene Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town ndi anzake anatulutsa buku la The Real Meal Revolution. Ambiri mwa amene ali ndi abale ku Johannesburg kapena ku Cape Town anayamba kumva dzina la Banting kudzera mwa iwowo. Akatswiri amati munthu wachepetsa akamadya magalamu osafika 130 a sitachi ndi shuga pa tsiku, ndipo wachepetseratu akatsika kufika pakati pa 20 ndi 50. Ufa wa chimanga wolemera magalamu 100 umakhala ndi sitachi pafupifupi magalamu 75, choncho amene wadya nsima ya ufa wodzaza kapu masana, n'kudyanso ina yotero madzulo, wapitirira kale 130, tiyi wa m'mawa uja asanawerengedwe. Mgaiwa, komanso ufa wa mawere, mapira ndi mchewere, uli ndi ubwino wake chifukwa gaga wake amathandiza m'mimba, koma sitachi yake siisiyana kwenikweni ndi ya ufa woyera. Ambiri amanyengeka pamenepa, n'kumadya mitanda itatu ya nsima ya mawere poganiza kuti ndi mankhwala.

Nyama imene ikukambidwa pano ndi imene ku America amaitcha country-style ribs. Ogulitsa nyama kumeneko anayamba kuidula motere m'zaka za m'ma 1960 pofuna kupezera msika mbali ya nkhumba imene anthu sankaifuna. Imachokera pamene msana umakumana ndi phewa, kapena paphewa penipenipo, ndipo amaidula m'mizere yaitali yokhuthala ngati nthiti, ina yokhala ndi kafupa, ina yopanda. Poyerekeza ndi nthiti zenizeni za pachifuwa, imeneyi ili ndi mnofu wambiri ndi fupa lochepa, motero ndalama ya wogula imathera pa chodyedwa. M'mabutchala a ku Glen Norah kapena a ku Machipisa dzina lachingereziro mwina sangalidziwe. Chofunika n'kupempha nyama ya paphewa, n'kuuza wodulayo kuti aicheke m'mizere yokhuthala masentimita 3 kapena 4. Machopu opyapyala amene amakonda kudula pa makina sayenera kaphikidwe kano, chifukwa amauma asanafewe.

Pogula, nyama ikhale yofiirira mopepuka, mafuta ake oyera ndi olimba, yosanunkha ndi yosatereka. Ikhale yochokera ku nkhumba yophedwa pamalo ovomerezeka, yopimidwa ndi kudindidwa chidindo. Ichi n'chachikulu. Nkhumba zoyenda mwaufulu, zimene zimafika pamene anthu achita chimbudzi, zimatha kukhala ndi timatumba ting'onoting'ono toyera ta madzi m'mnofu, makamaka m'lilime, mumtima ndi m'mapewa. Munthu akadya nyama yotere yosapsa bwino amakhala ndi njoka yaitali m'matumbo, ndipo mazira a njokayo akalowa m'kamwa mwa iye mwini kapena mwa wina kudzera m'manja, m'madzi kapena m'chakudya, amatha kukakhazikika muubongo n'kuyambitsa khunyu. Nyama yogulitsidwa m'ndowa pamsewu, ingatsike mtengo bwanji, siyoyenera kulowa m'nyumba.

Mbali ya phewa ndi yolimba chifukwa nkhumba imaigwiritsa ntchito poyenda ndi pofukula nthaka. M'kati mwake muli timitsempha toyera tambiri ta kolajeni, ndipo n'timeneti timene timalamula kaphikidwe konse. Nyamayi ikaikidwa pa moto waukali kwa mphindi zochepa, timitsemphato timakungika, madzi amatuluka, ndipo wodya amalimbana nayo mpaka nsagwada kutopa. Koma ikakhala pa moto wochepa kwa maola awiri kapena kuposa, kolajeni amasungunuka pang'onopang'ono n'kulowa mumsuzi, mnofu n'kuyamba kulekana wokha. Aliyense amene waphikapo mang'ina, amene ku Harare amati mazondo, amazidziwa bwino zimenezi: msuzi wake umamata milomo popanda kuthiramo ufa uliwonse. Nyama ya nkhumba imakhala yopanda chiopsezo ikatentha kufika madigiri 63 m'kati mwake n'kuisiya mphindi zitatu, koma ya paphewa imafewa ikayandikira madigiri 90. Wopanda kachipangizo koyezera kutentha asade nkhawa, foloko ndi yokwanira. Ikalowa mosavuta n'kupotoka, nyama yapsa.

Pamene shuga amaloweramo kwambiri ndi pa zokometsera. Ku America nyamayi amaipaka sosi wokhuthala wa m'botolo, ndipo masosi otere adzaza m'mashopu a mu Harare. Masupuni aakulu awiri a sosi wowotchera nyama amakhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono atatu kapena anayi, ndipo palibe amene amalekera pa masupuni awiri. Tomato sosi wa m'botolo naye ali ndi shuga pafupifupi supuni yaing'ono imodzi pa supuni yaikulu iliyonse. Supu wa m'mapaketi, amene amayi ambiri amathira mu ndiwo kuti msuzi ulimbe, mbali yake yaikulu ndi sitachi ndi mchere. Ena amaviika nyama m'chakumwa chotsekemera kapena kuipaka uchi ndi chatine. Zonsezi zimabwezeretsa m'mphika chimene wodwala wachichotsa pambale. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole masupuni aang'ono pafupifupi 12 a shuga wothira pa tsiku, ndipo kuli bwino koposa atalekera pa 6. Pa botolo kapena paketi iliyonse, zinthu zimene zili m'katimo zimalembedwa kuyambira chochuluka kwambiri. Shuga akakhala woyamba, wachiwiri kapena wachitatu pamndandandawo, botololo libwerere pa shelefu.

Zokometsera zoyenera n'zimene zimapezeka pa msika uliwonse wa m'lokeshoni kapena ku Mbare Musika. Pa kilogalamu imodzi ya nyama pamafunika supuni yaing'ono imodzi ya mchere, masupuni aang'ono awiri a paprika, theka la supuni ya tsabola wakuda, timagawo tinayi ta adyo wosinja, kachidutswa ka jinja, ndi madzi a ndimu imodzi kapena masupuni aakulu awiri a viniga. Wokonda zowawa awonjezere tsabola wa kambuzi ngati wapezeka, kapena piripiri wamba. Zonsezi azisakanize, azipake nyamayo mbali zonse, n'kuisiya m'furiji kwa ola limodzi kapena usiku wonse. Ngati magetsi a ZESA athima ndipo kunja kukutentha, mphindi 30 zakwana. Nyama yaiwisi isachezere pa tebulo.

Za mchere zifunika kuzilingalira bwino, chifukwa apa dzanja la wophika linazolowera zina. Ndiwo za kwathu zimathiridwa mchere wochulukirapo mwadala, popeza kachidutswa kamodzi ka nyama ndi msuzi pang'ono ziyenera kuperekeza mbamu zingapo za nsima yopanda mchere. Nsima ikachepa pambale, kapena ikachokapo, munthu amadya ndiwo zambiri kuposa kale, ndipo mchere womwe uja umamulowa wonse. Ambiri odwala shuga amadwalanso kuthamanga kwa magazi. Muyeso wa WHO ndi magalamu osafika 5 a mchere pa tsiku, womwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza wa m'buledi ndi m'zonse zogula. Wophikira munthu wotere achepetse mchere, kukoma akupeze mu ndimu, adyo ndi tsabola.

Kuphika kumayamba ndi kukazinga. Mphika ukhale wolemera, wachitsulo chokhuthala, monga uja wa miyendo itatu, wokhala ndi chivindikiro chotseka bwino. Utenthe kaye, kenako nyama iikidwe mbali ya mafuta ili pansi, kuti idzikazinge ndi mafuta ake omwe. Zidutswa zisapanikizane. Zikadzaza mphika zimatulutsa madzi n'kuyamba kuwira m'malo mopsa, choncho ndi bwino kukazinga kawiri kapena katatu. Mbali iliyonse ikhale mphindi zitatu kapena zinayi osaigwedeza, mpaka itafiira moderako. Kufiirako n'kumene kumabweretsa fungo ndi kukoma kwa kanyenya, ndipo kumachokera ku kusintha kwa zomanga thupi zikakumana ndi moto, kumene katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, anakufotokoza mu 1912. Wophika akapirira pa gawo limeneli, sosi wa m'botolo safunikanso.

Nyama ikachotsedwa, mafuta ochuluka atsanulidwe, patsale supuni imodzi. Mmenemo mukazingidwe anyezi mmodzi wamkulu pang'ono, kenako matimati awiri kapena atatu akupsa bwino. Anyezi ali ndi shuga wake wachilengedwe, pafupifupi magalamu 9 a makabohaidireti pa 100, pamene matimati ali ndi 4, koma mmodzi pa mphika wa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi savuta. Kapu imodzi ya madzi ithiridwe, ndipo zomata pansi pa mphika zipalidwe ndi mthiko kuti zilowe mumsuzi. Nyama ibwerere, madzi afike pakatikati pake osaimiza, mphika uvindikiridwe, moto utsitsidwe mpaka msuzi uzingophulika timathovu apa ndi apo. Papite ola limodzi ndi theka kapena maola awiri, n'kumatembenuza kamodzikamodzi ndi kuwonjezera madzi otentha pang'ono akaphwera. Amene ali ndi uvuni, ndipo magetsi alipo, aike pa madigiri 150 kwa maola awiri kapena awiri ndi theka mbale ili yovindikira, kenako avundukule n'kukweza moto kwa mphindi 10 kuti pamwamba paume.

Maola awiri a moto ndi ndalama, makamaka kumene magetsi amathima nthawi yaitali ndipo gasi amagulidwa pa kilogalamu. Pa mbaula, makala akayaka bwino amakwiriridwa ndi phulusa pang'ono, ndipo amatentha modekha nthawi yaitali osanyeka msanga. Poto wa puresha amamaliza ntchito yonseyi m'mphindi 35 mpaka 45. Palinso njira yosunga kutentha: mphika uwire bwinobwino kwa mphindi 30, uchotsedwe pa moto uli chivindikirire, ukulungidwe ndi bulangete lokhuthala n'kuikidwa m'dengu kapena m'katoni kwa maola atatu. Nyama imapitiriza kupsa ndi kutentha kwake komwe. Chivindikiro chisatsegulidwe pakati, ndipo isanadyedwe iwiritsidwenso.

Msuzi ukakhala wamadzimadzi, ufa sufunika. Nyama ichotsedwe, msuziwo uwire wosavindikira mpaka utatsala theka. Wofuna wolemerera athire supuni imodzi ya nsinjiro kapena chiponde, chimene Ashona amati dovi, bola chikhale chosinja chokha chopanda shuga. Amene amakonda fungo la nyama yowotcha, imene ku Harare amati gochi-gochi, ngati la ku Mereki ku Warren Park, aike zidutswa zakupsazo pa waya pamwamba pa makala kwa mphindi zochepa. Zisade, ndipo mafuta asagwere pa moto mpaka kuyaka malawi, popeza utsi wake ndi mbali zopsererazo zili ndi zinthu zosayenera m'thupi.

Funso lovuta limabwera pogawa: nanga nyamayi idyedwa ndi chiyani? Yankho lili m'timadimba ta kuseri kwa nyumba za ku Glen Norah ndi pa matebulo a amayi ogulitsa m'mphepete mwa misewu. Covo, repu, tsunga ndi kabichi zimapezeka chaka chonse. M'nyengo ya mvula mumabwera nkhwani, bonongwe, luni, chisoso, therere ndi bowa, ndipo m'chilimwe mfutso umalowa m'malo. Masamba onsewa ali ndi sitachi yochepa kwambiri, ndipo ndiwo ayenera kudzaza theka la mbale. Nkhwani wotendera ndi nyama yofewa ya nkhumba zimakhutitsa munthu mpaka m'mawa. Kabichi wodula mopyapyala, wokazinga mphindi zisanu ndi mafuta aja anatsala, amagwira msuzi bwino. Peyala limawonjezera kukhuta. Mabiringanya owotcha nawonso amayenera. Mbatata, mbatatesi, chinangwa, mpunga, nthochi zophika ndi chimanga chachiwisi zonse zili m'gulu limodzi ndi nsima, ndipo kusinthanitsa china ndi chinzake sikuchepetsa kanthu. Chakumwa chikhale madzi kapena tiyi wopanda shuga. Botolo la mamililita 300 la zakumwa zoziziritsa kukhosi limakhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene boma la Zimbabwe linaikira msonkho pa shuga wa m'zakumwa m'chaka cha 2024. Mowa wamasese nawo ndi chimanga ndi mapira.

Kusiyiratu nsima si chinthu chimene ambiri angachikwanitse kwa zaka, ndipo kwa ambiri sikofunika. Kafukufuku wochuluka waonetsa kuti kuchepetsa sitachi kumatsitsa shuga wa m'magazi ndi kulemera kwa thupi m'miyezi yoyamba, ndipo mu 2019 bungwe la American Diabetes Association linavomereza kuti ndi njira imodzi yothandiza odwala shuga wa mtundu wachiwiri. Koma pakatha chaka kapena ziwiri, kusiyana kwake ndi njira zina za kadyedwe kabwino kumakhala kochepa, chifukwa anthu amatopa n'kubwerera ku zakale. Kadyedwe kamene munthu angakhale nako ndiko kamamuthandiza. Kwa banja lodyera mphika umodzi, chanzeru n'chakuti nyama ndi masamba ziphikidwe mofanana kwa onse, ana ndi ogwira ntchito zolemetsa adye nsima yawo monga mwa masiku onse, ndipo wodwalayo atenge kamtanda kamodzi kosaposa chibakera chake, kapena ausiye pa chakudya chamadzulo. Motero sadzimva wosalidwa, ndipo wophika sakoleza moto kawiri.

Nyama nayo ili ndi malire ake. Kukhala yopanda sitachi sikuipatsa ufulu wodzaza mbale. Phewa la nkhumba lili ndi mafuta olimba ochuluka, amene amakweza kolesitero mwa anthu ambiri. Bungwe la World Cancer Research Fund limalangiza kuti nyama yofiira, yomwe nkhumba ili m'gulu lake, isapyole magalamu 350 mpaka 500 yophika pa sabata. Mu 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inanena kuti nyama zokonzedwa m'fakitale, monga soseji, polone ndi bekoni, zimayambitsa khansa ya m'matumbo, choncho zimenezi zisatengedwe ngati zofanana ndi nyama yatsopano yophikidwa pakhomo. Gawo la munthu mmodzi likhale lofanana ndi chikhatho chake. Masiku ena alowepo matemba, mazira, nkhuku kapena nsomba ya ku Kariba, zomwenso zimapepuka pa thumba. Mphika ukagona m'furiji, mafuta amaundana pamwamba n'kuchotseka mosavuta ndi supuni. Zotsala zilowe m'furiji pasanathe maola awiri, ndipo potenthetsa ziwire ndithu. Furiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi magetsi atathima, kotero masiku amene magetsi akuvuta ndi bwino kuphika zongokwana tsikulo. Manja, mpeni ndi thabwa lodulira zisambitsidwe ndi sopo ndi madzi otetezedwa. Anthu a kuderali sanaiwale kolera ya mu 2018, imene inayambira ku Glen View ndi Budiriro.

Si onse amadya nkhumba. Pakati pa ochokera ku Malawi pali Asilamu ambiri, makamaka Ayao, ndipo a Seventh-day Adventist ndi mipingo yambiri ya Apositoli nawonso saidya. Kaphikidwe komweka kamayenda bwino ndi phewa la mbuzi, nthiti za ng'ombe, zimene zimafuna maola atatu, ngakhalenso ntchafu za nkhuku yachikuda. Pophikira alendo, ulemu ndi kufunsa kaye, ndipo mphika wa nkhumba ukhale pawokha.

Chenjezo lalikulu likupita kwa amene ali kale pa mankhwala. Munthu amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi monga glibenclamide, akachepetsa nsima mwadzidzidzi mankhwala ali omwewo, shuga wake amatha kutsika mopyola. Amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kumva chizungulire ndi kusokonezeka mutu, ndipo akhoza kukomoka. Zikatero apatsidwe msanga madzi a shuga ngati akutha kumeza, n'kupita naye kuchipatala. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi nawonso nthawi zina amafunika kusinthidwa thupi likayamba kutsika. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana amene akukula, ndi odwala impso asayambe kadyedweka paokha. Aliyense wa ku Glen Norah amene akufuna kuchepetsa nsima chifukwa cha matenda ayambe wapita ku chipatala cha khonsolo cha Rutsanana kapena china chapafupi, akayezetse shuga ndi kuthamanga kwa magazi, atanyamula mankhwala onse amene akumwa, kuti anamwino kapena adokotala amuuze muyeso woyenera iyeyo.